Boti la Atate ndi Laimu wa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene atate anabwera ndi boti pamudzi pathu, cha ku Chiparamba. Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwabe Fort Jameson, ndipo ine ndinali mu Sitandade 4 kachiwiri. Lero mutu wanga ndi imvi zokhazokha, ndipo ambiri amene nditawatchule muno anagona kalekale, koma ndikangoyamba nkhaniyi mtima umanditentha ngati zachitika dzulo. Ana anga amati, "Amayi, mwayambanso za boti?" Inde ndayambanso, ndipo ulendo uno ndachita kulemba kuti pasapezeke wondidula pakamwa.

Pakati pa mudzi wathu ndi sukulu panali mtsinje. M'chilimwe unali mchenga wokhawokha, tinkawoloka osanyowa ngakhale chidendene. Koma mvula ikakhazikika unkadzaza n'kukhala choncho kwa nthawi yaitali, wofiira, waukali, ukukokolola mitengo ndi mbuzi zakufa. Anyamata akuluakulu ankavula, n'kumanga yunifolomu ndi mabuku pamutu, n'kusambira. Mwana wamkazi amene wayamba kusinkhuka sangavule pagulu la anyamata, choncho ine ndinkatsala kunyumba kupalira chimanga. Tsoka lake, mayeso opitira ku sukulu yapamwamba ankabwera mvula ikangotha. Chaka chathacho ndinali nditalephera chifukwa cha mtsinjewo, osati chifukwa cha mutu wanga, pakuti masamu ndinkawaposa anyamata onse osambira aja. Aphunzitsi anandiuza mosabisa kuti ndikalepheranso, malo anga pabenchi apatsa wina. Kumudzi nako azimayi anali atayamba kundiyang'ana n'kumanong'onezana za mnyamata wina amene bambo ake anali ndi ngolo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikaphonyanso dzinja limenelo, sukulu yatha, ukwati wafika.

Atate, a Daka, anali Mngoni wa ku Mtenguleni, koma Mngoni wopanda ng'ombe. Kwawoko mwamuna amalowola, n'kutenga mkazi kupita naye kwawo, ana n'kukhala ake. Iwo analibe cholowolera, ndiye anabwera kudzakhala kwawo kwa amayi, pakati pa Achewa, ngati mkamwini. Mkamwini amamanga nyumba, amaswa mphanje, amabereka ana, koma nyumbayo, mundawo ndi anawo zimakhala za kuchikazi. Mwini wake wa ine ndi ang'ono anga sanali atate ayi. Anali amalume a Sitefano, mchimwene wawo wa amayi.

Musaganize kuti amalume anali munthu wankhanza. Bola akanakhala wankhanza, bwenzi anthu akundimvetsa ndikamadandaula. Anali munthu wansangala, woseka mpaka misozi, mkulu wa mpingo pa katchalitchi kathu, ndipo nyimbo zonse ankayambitsa ndi iwo. Akapita ku Boma ankatibweretsera masiwiti m'thumba la jekete. Vuto lawo linali limodzi: chilichonse chimene maso awo aona pabwalo la mlongo wawo ankachiyesa chawo. Ndipo ankatenga akuseka, moti wokanayo ndiye ankaoneka woipa mtima.

Atate ankagwira ntchito pa famu ya fodya ya mzungu wina, kukonza ngolo, zitseko ndi madenga. Pa famupo panali damu, ndipo m'mabango a m'mbali mwake munagona boti la aluminiyamu, chitsulo chopepuka chopangira mapoto chija, limene ana a mzunguyo ankaseweretsa asanawatumize kusukulu zakutali. Fodya atayamba kuvuta, mzunguyo anagulitsa katundu wake n'kulowera kum'mwera. Botilo panalibe analifuna, ndiye anauza atate kuti ngati akufuna zinyalalazo atenge. Analisenza ndi anzawo atatu, chadodolido pamitu, ndipo mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Kwathu kulibe nyanja, ambiri anali asanaonepo ngakhale bwato la mtengo.

"Alamu!" anafuula amalume, akugwira m'mimba ndi phwete. "Boti mwabwera nalo, nanga nyanja yake ikubwera liti?"

Anthu anaseka, ndipo kunena zoona chinthucho chinali choseketsa. Mphuno yake inali yopindika. Pansi panali bowo lolowa chibakera, pamene ng'ombe inapondapo. Timisomali tambiri togwira m'misoko tinali titathothoka, mipando itawola, mkati muli matope ouma ndi zigoba za nkhono. Atate analiika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu.

Cholinga chawo anauza amayi ndi ine basi. Kumunsi kwa njira ya kusukulu, mtsinje unkatambasuka padambo ndipo madzi ankafatsako. Pamenepo panali mikuyu iwiri yoyang'anana, wina tsidya lino wina tsidya lija. Atate anali atatola waya wa mpanda ku famu kuja. Ankafuna aupote pawiri, aumange ku mikuyuyo, boti lizitsetsereka m'wayamo ndi mphete, munthu akungokoka ndi manja.

"Matilida," anatero, "chaka chino sukhala pakhomo."

Sindinagone nawo mawu amenewo chifukwa cha chimwemwe, ndipo m'mawa mwake ntchito inayamba.

Chitsulo chimenechi sichili ngati khasu loti n'kulumikiza pa ng'anjo. Chikalawa moto waukulu chimangosungunuka. Kuchikonza kwake n'kuika chigamba n'kukhoma. Chigamba chachikulu chinachokera ku poto wakale wa amayi, amene atate anamung'amba n'kumuwongola pa chitsa. Timisomali ankadula kuchokera ku zogwirira za mapoto otha, amene tinkapempha m'makomo. Ndiye kukhomako ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amamenya kunja ndi hamala, wina ali mkati atakanikiza chitsulo cholemera pa kamsomaliko, kuti kaphwanyike mutu mbali zonse ziwiri n'kugwira. Ang'ono anga anali aang'ono kwambiri, choncho wa mkatiyo ndinali ine.

Ndikaweruka kusukulu ndinkalowa pansi pa boti lovundikiralo, mutu wa nkhwangwa uli m'manja. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mkatimo munkatentha ngati mu uvuni. Thukuta linkalowa m'maso. Atate ankafunsa ali kunja, "Wagwira?" Ine, "Ndagwira." Kenako hamala inkagwa, phokoso lake n'kulowa m'mano mpaka m'fupa la msana. Pomatuluka makutu ankalira okha, ndipo amayi ankachita kundiitana katatu. Akazi a m'mudzi ankapukusa mitu, ati mwana wamkazi akuphunzitsidwa zosula m'malo mosinja. Ine ndinalibe nazo ntchito. Atate anali munthu wa mawu ochepa, ndipo m'moyo wanga wonse sindinakhalepo nawo pafupi ngati miyezi imeneyo, ngakhale panali chitsulo pakati pathu.

Atatha kukhoma anasungunula phula lakuda m'chitini, lija ankamatira madenga ku famu, n'kulipaka m'misoko monse ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Fungo lake linkafika mpaka kuchitsime, ndipo zikhadabo zanga zinakhala zakuda mpaka aphunzitsi anandikwapula pa tsiku loyendera ukhondo. Mphuno yopindika ija anaiwongola pang'onopang'ono ndi chipika. Mipando anasema ya mlombwa. Pomaliza tinalikwecha ndi mchenga ndi makoko a chimanga mpaka linawala, moti nkhuku zinkabwera kudzamenyana ndi zithunzi zawo.

Poti kunalibe madzi oti tiliyandamitsepo, atate analiyesa mozondotsa. Analikweza pa zipika, ine n'kutunga madzi kumchenga kudzathira mkati. Pamene padontha ankalembapo ndi khala, tikhuthule, tikhomenso, timatenso. Tsiku lina tinalidzaza mpaka pakamwa, ndipo kutacha tinapeza pansi pake pali pouma, fumbi lili gwa. Atate anagwada, anasisita pansi pa botilo ndi chikhatho, n'kundionetsa chikhathocho chili chouma. Anamwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka. Anthu anabweranso kudzaona, ndipo tsiku limenelo osekawo anachepa. Amalume nawo anabwera, anapisa mkono m'madzimo mpaka m'chigongono, n'kunena kuti, "Koma ndiye mumalowa madzi umu."

Ndikanadziwa zimene zinali m'mutu mwawo, ndikanalikhuthula asanafike.

Masiku omwewo kunabwera uthenga woti Ambuye Episkopi adzayendera katchalitchi kathu mvula isanayambe. Chinali chinthu chachikulu, poti anali asanapondepo kwathu. Akuluakulu a mpingo anagwirizana zoti khoma lonse lipakidwe laimu, mkati ndi kunja, pamodzi ndi miyala ya m'mbali mwa njira. Anabwera ndi matumba a laimu wamiyala, uja wosaviika. Mgolo wa mpingo woviikiramo laimu unali utabooka. M'mawa wina amalume anatulukira pakhomo pathu ndi amuna anzawo a mpingo, akuseka asanafike n'komwe.

"Alamu, chimbale chanu chija chapeza ntchito. Tiviikiremo laimu wa kutchalitchi. Masiku ochepa chabe."

Atate anavula chipewa n'kunyonyomala, monga ankachitira nthawi zonse polankhula ndi amalume.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "laimu ameneyo akalawa madzi amawira. Ku famu tinkaviika m'dzenje. Ndikhoza kukukumbirani dzenje lero lomwe, dzuwa lisanapendeke."

"Dzenje?" amalume anatembenukira anzawo aja. "Laimu wa nyumba ya Mulungu asakanikirane ndi dothi lathu lofiirali, khoma lituluke ngati khola la mbuzi? Aa, alamu. Poto amakhala pamoto tsiku ndi tsiku, munamva kuti wafa? Boti liyambe latumikira Mulungu, kuti likamadzawolotsa mwanayu likhale lodalitsika."

Amuna aja anaseka. Atate anayang'ana pansi, chipewa chili m'manja. Kenako anati, "Chabwino, alamu."

Ine ndinali pamtondo chapafupi pomwepo. Za laimu sindinkazidziwa, koma nkhope ya atate ndinkaidziwa, ndipo ndinaona kuti zinthu zaipa. Ndinaponya munsi pansi.

"Botilo si lanu!" ndinakuwa. "Mwakhomapo msomali ungati inu? Atate anena kuti ayi, simukumva? Chilichonse cha atate mumangotenga!"

Kuseka kwa amalume kunazima, ndipo aka kanali koyamba kuwaona nkhope yawo ilibe nsangala. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana atate.

"A Daka, kodi kwanu ku Mtenguleni ana mumawalera chonchi?"

Amayi anandikoka khutu mpaka m'nyumba. Madzulo ake chilango chinagamulidwa, ndipo mpaka lero ndimati chilango chimenecho anapatsidwa ndi atate, ine ndinangokhala chonyamulira. Atate anali ndi nkhuku yathadzi yamawangamawanga imene mlongo wawo anawapatsa, mwina chinthu chokhacho pakhomopo chimene aliyense ankavomereza kuti n'cha a Daka. Anaigwira okha n'kuimanga miyendo. Ine ndinayenda chogwada kuchokera pa nkhokwe ya amalume mpaka pa mpando wawo, nkhuku ili m'manja, anthu akuonerera, n'kunena kuti ndalakwa, ndine mwana wopanda mwambo. Atate anali atanyonyomala kumbuyo kwanga, akuomba m'manja. Amalume anandisisita kumutu, nsangala zawo zitabwereranso, n'kunena kuti zatha, mwana ndi mwana. Nkhukuyo anadya tsiku lomwelo.

M'mawa mwake atate ndi amene anatsogolera kusenza boti kupita kutchalitchi. Iwonso ndi amene anatumidwa kutunga madzi, poti ntchito zolemetsa za pamudzi ndi za akamwini. Ndinawatsatira chapatali. Anakhuthulira miyala ya laimu ija m'boti, atate n'kuthira chidebe choyamba ndi manja awo omwe anakhomera aja. Laimuyo anayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, kenako anatukusira, nthunzi yoyera n'kukwera, anthu n'kuthawira kumbuyo akutsokomola. Posakhalitsa pamwamba pa phala loyeralo panayamba kuyandama timizere takuda. Linali phula lathu likusungunuka m'misoko. Amalume anauza mnyamata wina kuti aziyengula ndi chipande kuti lisadetse laimu.

Masiku ochepa aja anakhala ochuluka. Anapaka khoma, anapakanso kachiwiri, anapaka miyala, anapaka ndi mitengo yomwe mpaka m'chiuno. Laimu akachepa ankawonjezera wina, ndipo nthawi yonseyi botilo linali padzuwa, phala lija lili m'kati. Ambuye Episkopi anabwera, azimayi analulutira, katchalitchi kakuwala kochititsa kuphethira. Amalume anayambitsa nyimbo ndi mawu awo onse, ndipo anayamikiridwa pamaso pa anthu chifukwa cha khama lawo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo sindinaimbe.

Boti linabwerera pakhomo mlendo atapita. Tinalitsuka, atate ndi ine. Laimu wouma atachoka, chitsulo chowala chija chinali chitatuwa, chokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Laimu anali atachidya. Atate analiimika chopendeka kuyang'ana kudzuwa, ndipo kuwala kunalowa m'timabowo tosawerengeka pansi ponse, pa fumbi n'kuoneka timadontho ta dzuwa ngati pansi pa sefa. Anayesabe. Anadula chigamba china, ine n'kulowa pansi ndi nkhwangwa yanga. "Wagwira?" "Ndagwira." Hamala inagwa kamodzi kokha n'kubooleza mpaka mkati, chitsulo chikufumbutuka ngati chigoba cha dzira. Panalibenso pogwira msomali.

Amalume anadutsa madzulo ake, anasuzumira, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Linali lakale kale limeneli, alamu. Mzungu sataya chinthu chabwino."

Mawu amenewo ndi amene sindinawakhululukire. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti amalume sankadziwa kuti laimu amadya chitsulo chimenechi. Mwinanso atate sankadziwa zonse, ankangodziwa za kutentha. Koma munthu anachenjezedwa, anapatsidwa njira ina, anakana, chinthu chinawonongeka, ndiye n'kubwera kudzanena kuti chinali chowonongeka kale! Pepani mmodzi yekha sanatuluke. Ndipo atate anayankha kuti, "Zoona, alamu."

Ndinasiya kulankhula ndi atate. Ndikawapatsa madzi osamba ndinkangoika n'kuchoka. M'mtima mwanga ndinkati ndi amantha, mwamuna wamkulu wogwadira mnzake pa chinthu chimene wachikhetsera thukuta. Amayi anazindikira. Tsiku lina tili kumchenga kotunga madzi, awiriwiri, anandikhazika pansi.

"Ukuyesa atate ako ndi chitsiru?" anatero. "Ananena kamodzi. Akananena kachiwiri pamaso pa anthu aja, ukanakhala mlandu. Akanauzidwa kuti atenge khasu lawo ndi mphasa abwerere ku Mtenguleni, ndipo iwe ndi ang'ono ako mukanatsala kuno, chifukwa sindinu awo. Anayeza boti, anayeza inu. Ukufuna akanasankha chiyani?"

Madzi anali akusefukira m'kachitsime kathu. Kenako ndinafunsa funso limene mwana wamwambo sakanafunsa.

"Nanga inu, amayi? Inu sakanakuthamangitsani. Mudzi ndi wanu. Bwanji simunanene kanthu?"

Ndinayembekeza mbama, koma sinabwere. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasenza mtsuko wawo n'kutsogola.

Mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa, ndipo mvula yoyamba inagwa, ya fungo la dothi ija. Mtsinje unali usanabwere, koma aliyense ankadziwa kuti ukubwera. M'mawa wina amayi anayala chitenje pansi, anaikapo yunifolomu yanga, bulangeti, mabuku ndi kachipeso. Anamanga. Anadzaza ufa m'dengu n'kusenza okha.

"Tiye," anatero. "Ukakhala kwa azakhali ako."

Azakhali a Tisauke, mlongo wawo wa atate, mwini nkhuku ija, anakwatiwa m'mudzi wa tsidya lija, pafupi ndi sukulu. Nzeru imeneyi inalipo kuyambira kale, koma panalibe amene akanaitchula, chifukwa mwana wa mbumba kukaleredwa kuchimuna kunali kunyoza mwini mbumba pamaso pa dziko lonse. Atate sakanayerekeza n'komwe. Amayi okha ndi amene akanatha, ndipo anali asanachitepo chinthu chotsutsana ndi mchimwene wawo chibadwire.

Tinakumana nawo amalume panjira, akuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Anaona mtolo, anaona dengu.

"Mwanayu akupita kuti?"

Amayi anatula dengu, anagwada pambali pa njira monga mwa ulemu wake, n'kunena kuti akupita kwa a Tisauke, akakhala komweko mpaka atalemba mayeso.

"Mwana wa mbumba yanga akadye kwa Angoni ine ndili moyo? Wamulola ndani?"

"Achimwene," anatero amayi, mawu ali pansipansi, "mwamuwolotsa ndinu mwanayu. Bambo ake anakonza zoti azigona pakhomo. Ine ndangomunyamulira ufa."

Amalume anatsegula pakamwa, anayesa kuseka, koma sizinatheke. Amayi anadzuka, anasenza dengu lawo, tinapitirira. Atate anatiperekeza mpaka pamchenga, pamenepo anaima, poti kupitirira apo zikanaoneka ngati ndi iwo amene aba mwana. Ndinali ndisanayambebe kuwalankhula bwinobwino. Ndinangoti, "Tsalani bwino, atate." Iwo anati, "Ukalimbikire."

Sipanapite nthawi mtsinje unabwera, ndipo chaka chimenecho unadzaza kuposa zaka zonse zimene ndikukumbukira. Sindinaphonye sukulu ngakhale tsiku limodzi. Azakhali anandisunga bwino, sindingawanamizire, koma anali ndi ana awo ambiri, ndipo mwana wobwera amadziwa yekha kuti sayenera kutenga nthuli yachiwiri. Lamulungu lililonse mapemphero akatha ndinkatsikira padambo paja, pa mkuyu wa tsidya lathu. Atate ankabwera pa mkuyu winawo. Waya anali asanamange, analibenso chifukwa chomangira. Tinkaonana bwinobwino, mpaka chigamba cha pa malaya awo ndinkachiona, mtunda woti boti likanadutsa munthu asanamalize kapemphero ka pa chakudya. Ndinkakuwa kuwauza zimene ndakhoza, iwo n'kukuwanso, koma mkokomo wa madzi unkameza zonse. Pamenepo mkwiyo wanga pa iwo unali utatha, ndipo ndinkafunitsitsa kuwauza, koma si mawu oti munthu n'kuwakuwa pamtsinje. Tinkangokwezerana manja, kenako aliyense n'kubwerera.

Mayeso ndinakhoza. Ndinapita ku sukulu yogonera komweko, kuchoka apo ku maphunziro a uphunzitsi. Kwathu ndinkangofika patchuthi ngati mlendo, wondiphera nkhuku. Atate anamwalira ndi chifuwa ndili kumaphunziro a uphunzitsiwo, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale. Anthu akamva nkhaniyi amakonda kunena kuti zonse zinayenda bwino, Mulungu anali ndi cholinga, onani munakhala mphunzitsi. Ine ndimakana. Atate anakonza njira yoti ndipeze sukulu ndi kwathu komwe, zonse ziwiri. Ndinapeza chimodzi. Kukhala m'nyumba imodzi ndi bambo anga kunatha ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, chifukwa munthu wina sanafune kuti laimu wake akhudze dothi. Ndipo tsiku limene ndinabwera ndi satifiketi, amalume anaiyendetsa mudzi wonse akuti, "Onani mwana wanga! Mutu wa kwathu uwu!"

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kukhala chete kwa atate sikunali mantha, kunali kutigula ife ndi chinthu chimene ankachikonda. Zimenezo ndinazimvetsa nditabereka anga. Koma kumvetsa si kuvomereza. Pabwalo paja panali akuluakulu ambiri amene anamva atate akunena za dzenje, ndipo ena a iwo anagwirapo ntchito m'mafamu, ankadziwa kuti akunena zoona. Palibe anatsegula pakamwa, chifukwa wonenayo anali mkamwini. Timautcha ulemu, ndipo mwambo wathu uli ndi zabwino zambiri zimene ndimazinyadira. Koma ulemu wotseka pakamwa munthu pa chinthu chimene wachipanga ndi manja ake, woti wolakwiridwa ndiye apereke nkhuku, umenewo ine sindinauphunzitse mwana aliyense m'kalasi mwanga. Ndinaphunziranso kwa amayi kuti amene sangathamangitsidwe ndi amene ayenera kulankhula, ndipo azilankhula msanga, zinthu zisanawonongeke.

Lero pakhomo panga pali akamwini awiri. Wina anamanga khola la nkhumba, wina ali ndi njinga ndi makina opopera mbewu. Ana anga aamuna, amene tsopano ndiwo amalume a pakhomo pano, amabwera nthawi zina kudzandiuza kuti, "Amayi, tikufuna titengeko makina aja." Ine ndimawayankha kuti mwini wake ali apo, pitani mukamupemphe, ndipo chipewa muvule ndinu. Mkamwiniyo akanena kuti ayi, amanena kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo.